AMAI MARY ALPHONSA, MLEZI WA ODWALA OSACHIRA

Aliyense amene adadwazikapo matenda akulu adziwa kuwawa kwa tsiku lija pamene dokotala aitanira abale pambali, nawauza motsitsa mau kuti mankhwala afika pothera, ndipo kuti ndi bwino amtenge wodwalayo apite naye kwao. Kuyambira tsiku limenelo chipatala chilibenso naye kanthu. Komatu munthuyo akali moyo; akumva ululu, akumva njala ndi ludzu, akuopa usiku, ndipo kapena adzakhala chomwecho miyezi yambiri. Nanga miyezi imeneyo ndi ntchito ya yani? Mai wina wa ku America, dzina lake Rose Hawthorne, amene pambuyo pake adatchedwa Amai Mary Alphonsa, adayankha funso limeneli ndi manja ake kwa zaka 30 zathunthu.

Rose adabadwa pa 20 May chaka cha 1851 ku Lenox, m'chigawo cha Massachusetts, ndipo adali mzime m'banja la ana atatu. Bambo wake, a Nathaniel Hawthorne, adali mlembi wa mabuku womveka kwabasi. Buku lao lotchedwa The Scarlet Letter, limene lidatuluka chaka cha 1850, likuwerengedwabe mpaka lero lino. Banjali silidali la Chikatolika. Makolo ao akale adali a mpingo wa Puritan, anthu olimba pa chipembedzo chao, amene sankafuna ngakhale kumva dzina la Papa wa ku Roma.

Mwanayo ali ndi zaka ziwiri, boma la America lidatuma bambo wake kuti akakhale kazembe ku Liverpool, m'dziko la England. Kumeneko kudachitika kanthu kakang'ono kamene kadabala zipatso patapita zaka 40. Tsiku lina a Hawthorne adakayendera nyumba ya boma yosungiramo amphawi. M'nyumbamo mudali kamwana konyentchera, kodzala ndi zilonda, kosadziwika bwino ngakhale kuti ndi kakamuna kapena kakakazi. Kamwanako kadayamba kutsata mlendoyo, kakumgwira chovala, ndipo potsiriza kadaima patsogolo pake katatambasula timanja take kuti akanyamule. A Hawthorne adali munthu wamanyazi ndi waukhondo, wosakonda kukhudzana ndi anthu osawadziwa. Mtima wao udachita nseru, komabe adawerama, nakanyamula, nakafungatira ngati kao komwe. Polemba nkhaniyi m'buku adaisimba ngati ya munthu wina. Zidadziwika iwo atamwalira kale, pamene zolemba zao za tsiku ndi tsiku zidasindikizidwa, kuti munthu winayo adali iwo omwe. Rose atakula ankati pa zonse zimene bambo wake adalemba, nkhani imeneyi ndiyo yoposa.

Chaka cha 1858 banja lonse lidapita ku Italy, ndipo mtsikanayo adaona matchalitchi a ku Roma ndi maso a mwana wa zaka 7. Adabwerera ku America chaka cha 1860. Bambo wake adamwalira pa 19 May 1864, litangotsala tsiku limodzi kuti iye akwanitse zaka 13.

Ukwati ndi maliro

Amai ake a Rose, a Sophia, poona kuti ndalama zikuchepa, adasamuka ndi ana kupita ku Dresden, m'dziko la Germany, ndipo kumeneko Rose adadziwana ndi mnyamata wina wa ku America yemweyo, George Parsons Lathrop, amene ankafuna kudzakhala mlembi wa mabuku. A Sophia adamwalira ku London mwezi wa February 1871, ndipo mwezi wa September chaka chomwecho, misozi ya maliro isanaume, achinyamata awiriwo adakwatirana. Onse adali a zaka 20 zokha, ndipo abale sadakondwere nao ukwatiwo.

Chaka cha 1876 Mulungu adawaninkha mwana wamwamuna, namutcha Francis. Mwanayo adakula bwino kufikira zaka zinai. Tsono mwezi wa February 1881 adagwidwa ndi matenda a pakhosi otchedwa diphtheria, amene masiku amenewo adalibe mankhwala eni eni, ndipo m'masiku owerengeka adatsirizika. Sadaonenso mwana wina. Anthu amene adaika mwana wao mmodzi yekhayo m'manda adziwa kuti nyumba yotere imazizira, ndipo mwamuna ndi mkazi, m'malo motonthozana, kawirikawiri aliyense amalira payekha. George adathawira ku mowa. Rose adathawira ku maphwando a anthu ophunzira ndi ku kulemba ndakatulo ndi tinkhani ta m'manyuzipepala, koma mtima wake sudakhazikike.

Pa 19 March 1891, tsiku la Yosefe Woyera, onse awiri adalandiridwa mu Eklezia Katolika m'tchalitchi la Paulo Woyera ku New York. Manyuzipepala adachita nazo phokoso, pakuti kwa anthu a ku Massachusetts chidali chinthu chodabwitsa kuti mwana wa Hawthorne nkugwada pamaso pa wansembe wa Chikatolika. Aphunzitsi a katekisimu ayenera kuzindikira bwino zimene zidatsata, popeza akatekumeni ena amayesa kuti tsiku lolowa mu Eklezia ndilo tsiku limene mavuto a m'banja amathera. Sizidatero ai. George adapitirirabe ndi mowa, ndipo nyumba idafika posakhalika. Chaka cha 1895, atalandira chilolezo cha akulu a Eklezia, Rose adapatukana ndi mwamuna wake. Ukwati sudathe, ndipo iye sadafune mwamuna wina. Ankampempherera George mpaka pamene adamwalira mwezi wa April 1898, chiwindi chitaonongeka. Rose adathamangira ku chipatala atamva uthenga, koma adapeza atatsirizika kale, ndipo adagwada pambali pa mtembo napemphera.

Mai wa zaka 44, wopanda mwana, wopanda nyumba, wopanda ntchito yodziwika: ambiri akadati moyo wake wapita. Koma m'mtima mwake mudali nkhani ziwiri zimene zinkamsowetsa tulo. Yoyamba idali ya bwenzi lake Emma Lazarus, mai Wachiyuda wolemba ndakatulo, amene adamwalira chaka cha 1887 atadwala nthawi yaitali. Emma adali wa m'banja lolemera, ndipo adasamalidwa bwino mpaka potsiriza. Yachiwiri idali ya mai wina wosauka, wosoka zovala, amene atadwala khansa ndalama zake zidatha, nachotsedwa m'chipinda chimene ankalipira lendi, nakafera yekha pakati pa alendo ku Blackwell's Island. Imfa idali imodzimodzi, koma njira yopitira ku imfayo idasiyana kutalitali, ndipo chosiyanitsa chidali ndalama basi. Rose adali atawerenganso za Bambo Damien, wansembe wa ku Belgium amene adakhala pakati pa akhate pa chilumba cha Molokai, nafa ndi khate lomwelo chaka cha 1889. Adazindikira kuti akhate a mu New York ndiwo amphawi odwala khansa.

Kuti mumvetse bwino, muyenera kudziwa m'mene anthu a nthawi imeneyo ankaionera khansa. Ambiri, ngakhale ophunzira, ankakhulupirira kuti ndi matenda opatsirana, pamene zoona zake nzakuti munthu satenga khansa pokhudza kapena posambitsa wodwala. Chifukwa cha mantha opanda pakewo, eni nyumba ankathamangitsa wodwala, anzake a pantchito ankamuthawa, ndipo ngakhale abale ena ankamuikira mbale yake pakhomo. Zipatala zinkalandira munthu ngati pali chiyembekezo choti opaleshoni imthandiza. Zikaona kuti palibe, zinkamtulutsa kuti bedi lipatsidwe kwa wina. Kwa mmphawi kunkatsala malo amodzi okha, ndiwo Blackwell's Island, chilumba cha mu mtsinje wa East River, kumene mzinda udamangako ndende, nyumba ya amisala ndi nyumba ya amphawi. Anthu ankaopa dzina la chilumbacho monga aopera manda.

Zipinda zitatu za pa Scammel Street

Chaka cha 1896 Rose adakapempha malo pa New York Cancer Hospital kuti aphunzire unamwino miyezi itatu osalandira malipiro. Tsiku loyamba lomwe adamuika kuti aone m'mene amatsukira chilonda cha mai wina wokalamba amene khansa idamudya pakati pa nkhope. Anamwino ankayembekeza kuti mai wa mabukuyu akomoka kapena athawa. Adaima nji mpaka ntchito idatha, ndipo m'mawa mwake adabweranso.

Atatsiriza maphunziro adagulitsa zina mwa zinthu zake, nakachita lendi zipinda zitatu pa Scammel Street, ku Lower East Side, dera la amphawi obwera kuchokera ku maiko ena, kumene mabanja ankapanikizana m'nyumba zamdima zopanda mpweya. Adakolopa zipindazo yekha. Chimodzi adachisandutsa motsukira zilonda za odwala okhoza kuyenda. Otsalawo ankawatsatira kwao, akukwera makwerero ndi chikwama cha nsalu zomangira zilonda ndi mankhwala. Ntchito yake idali imeneyi: kumasula nsalu za dzulo zimene zamamatira pa chilonda, kutsuka mafinya, kumanga nsalu zatsopano, kusintha zofunda, kusonkha moto, kuphika kanthu kofewa, ndi kukhala pansi pang'ono kumvetsera. Kawirikawiri ankapeza kuti wodwala sali yekha m'mavuto: ana sadadye, lendi sidalipidwe, mwamuna wachotsedwa ntchito chifukwa chojomba podwazika mkazi wake. Motero adaphunzira msanga kuti khansa ikalowa m'nyumba ya mmphawi imadwalitsa banja lonse, ndipo wofuna kuthandiza wodwala ayenera kuyang'ananso mumphika ndi m'thumba la a m'nyumbamo.

Sipadapite nthawi, kalata idafika yochokera kwa mai wokalamba uja wa chilonda cha pankhope. Chipatala chidamtulutsa poti sangachire, ndipo adalibe kolowera. Rose adamuitana kuti adzakhale naye m'zipinda zomwezo, nagona naye pafupi, nadya naye pamodzi. Ameneyo ndiye adali mlendo woyamba wa nyumba zonse zimene zidadza pambuyo. Ndipo taonani m'mene zinthu zimatembenukira: nyengo yozizira itafika Rose adadwala chibayo, ndipo amene adamdwazika, akumfunditsa ndi kumpatsa zakumwa zotentha, adali mai wosachira yemweyo. Munthu amene madokotala adamuwerengera kumanda adali akali ndi ntchito yoti agwire pansi pano.

Ndalama zidali zosowa tsiku lililonse. Apa mpamene luso la kubanja lidagwira ntchito. Rose adayamba kulemba makalata ku manyuzipepala a mu New York, akufotokoza mosabisa zimene ankaona, napempha nsalu zakale zoyera, mankhwala, ndalama ndi manja. Dzina la Hawthorne lidatsekula zitseko zimene dzina lina silikadatsekula. Mmodzi mwa owerenga makalatawo adali Alice Huber, mwana wa dokotala wa ku Kentucky, amene adadza ku New York kudzachita za kujambula zithunzi. Adabwera kudzaona chakumapeto kwa 1897, pamene ntchito idali itasamukira pa Water Street, nalonjeza kuti azithandiza madzulo amodzi pa mlungu. Tsiku loyamba fungo ndi maonekedwe a zilonda zidamdwalitsa. Adabweranso, nabweranso, ndipo mwezi wa March 1898 adasiya zojambula zake nadzakhala komweko.

Pa 1 May 1899, ndi mphatso za anthu abwino, adatsekula nyumba yao yeniyeni pa Cherry Street, naitcha St. Rose's Free Home for Incurable Cancer, ndiye kuti nyumba yaulere ya odwala khansa yosachira, m'dzina la Rose Woyera wa ku Lima. Wansembe wina wa chipani cha Dominic Woyera, Bambo Clement Thuente, amene adawadziwa pokayendera wodwala wa m'parishi mwake, adawalangiza kuti moyo umene adali kukhala kale, wa umphawi, wa mapemphero ndi wa ntchito, aupereke kwa Mulungu mwa lamulo la Eklezia. Mwezi wa September 1899 adawalandira m'Chipani Chachitatu cha Dominic Woyera. Rose adatenga dzina la Mary Alphonsa, Alice la Mary Rose. Ambuye Arkiepiskopi Michael Corrigan poyamba adazengereza, monga ayenera kuchitira episkopi aliyense pa chinthu chatsopano, koma pa 8 December 1900 adawalola kuchita malumbiro ndi kuvala mkanjo wa chipani. Umo ndimo mudayambira chipani cha Asisteri otchedwa Servants of Relief for Incurable Cancer, amene lero adziwika ndi dzina lakuti Dominican Sisters of Hawthorne.

Malamulo a m'nyumba

Chimene chidasiyanitsa nyumba za Amai Alphonsa ndi zipatala sichidali mankhwala, pakuti mankhwala ochiza adalibe, ndipo sankanamiza munthu kuti ali nao. Chidali malamulo owerengeka amene adawagwira mosagwedezeka.

Lamulo limene anthu ankalidabwa koposa lidali la ndalama. Nyumbayo sinkalandira kanthu kuchokera kwa wodwala, ngakhale kwa abale ake, ngakhale ku boma. Anzeru za chuma adawalangiza kambirimbiri kuti alandireko odwala ochepa olipira, kuti ndalama zao zidyetse osalipira. Amai adakana. Ankadziwa mtima wa munthu: tsiku limene wolipira alowa, bedi la pazenera lidzakhala lake, Sisteri adzathamangira belu lake poyamba, ndipo pang'ono ndi pang'ono mmphawi adzabwerera pakhomo pamene adachokera. Ankadziwanso kuti banja lofika pa chitseko chao lidali litatha kale. Ndalama zidapita kwa madokotala, katundu adapita kwa a pinyolo, ndipo kulandira kandalama kotsala kukadakhala kulanda chakudya cha ana. Choncho mwana wamkazi amene adasiya ntchito kuti adwazike mai wake ankatha kubwerera kuntchito, nadzabwera pa tsiku la Mulungu kudzacheza ngati mwana, osati ngati namwino wotopa amene wayamba kudana ndi wodwala mumtima mwake ndi kudziimba mlandu chifukwa cha chidanicho. Ichi ndi chifundo chachikulu chimene nyumba zotere zimachitira mabanja, ngakhale sichilembedwa m'kaundula wa odwala.

Lamulo lina lidali la nkhope ya Sisteri. Sankaloledwa kuonetsa kunyansidwa, kaya ndi fungo, kaya ndi chilonda choopsa chotani. Wina angati ili ndi lamulo laling'ono, koma afunse munthu amene wakhala miyezi akuona aliyense wolowa m'chipinda mwake akugwira mphuno. Wodwala amawerenga nkhope ya womsamala monga mwana awerengera nkhope ya mai wake, ndipo akaona nseru amadziyesa mtembo asanafe. Asisteri eni ake ndiwo ankatsuka zilonda, osasiyira antchito olembedwa.

Adaletsanso kuti odwala ao asayesedwerepo mankhwala kapena mipeni ya madokotala ofuna kuphunzira. Masiku amenewo mmphawi wa m'chipatala chaulere ankalipira ndi thupi lake, ndipo Amai adati m'nyumba mwao zimenezo zisachitike. Sikuti ankadana ndi madokotala. Ankawaitana kuti adzachepetse ululu ndi kuthandiza pa zimene zingathandizike. Ankakana kokha kuti munthu wotsala ndi milungu yowerengeka avutitsidwe popanda phindu kwa iye mwini.

Pa za chipembedzo, chitseko chidali chotsekukira onse: Akatolika, Aprotestanti, Ayuda ndi osapemphera, oyera khungu ndi akuda omwe, ndipo ku America wa masiku amenewo chimenechi sichidali chinthu chamasewera. Chofunika chidali chiwiri chokha, kuti munthu ali ndi khansa yosachira ndi kuti alibe ndalama. Mkatolika ankalandira masakramenti a Kulapa, Ukaristia ndi Kudzoza. Wa mpingo wina sankaumirizidwa. Amai ankafuna kuti odwala azitchedwa alendo, zipinda zikhale zowala, pakhale maluwa, ndipo munthu akalakalaka chakudya chakutichakuti apatsidwe ngati nkotheka. Sankaona nyumbayo ngati pofera, koma ngati pokhala anthu amene masiku ao ndi ochepa, ndipo chifukwa cha kuchepa komweko tsiku lililonse liyenera kukonzedwa bwino.

Nyumba ya pa Cherry Street idadzaza msanga. Chaka cha 1901 adagula nyumba yaikulu ya matabwa, ya zipinda 60, imene kale idali hotela, pa phiri lina kumpoto kwa New York. Adaigula pa ngongole kwa ansembe a chipani cha Dominic Woyera ochokera ku France, naitcha Rosary Hill Home. Mudzi wa pamalopo, umene unkatchedwa Sherman Park, udasinthidwa dzina nukhala Hawthorne. Kuti apeze chakudya cha alendo ao, Amai adayamba kusindikiza kamagazini kotchedwa Christ's Poor, ndipo mwa amene adawalembera kalata yowalimbikitsa chaka chomwecho padali Mark Twain, mlembi wotchuka amene sadali munthu wokonda za tchalitchi konse. Ntchito yoona imadziwika ngakhale kwa akunja. Chaka cha 1912 adatsekula nyumba yatsopano ya St. Rose's pa Jackson Street, yokulirapo.

Asayese wina kuti Amai Alphonsa adali munthu wofatsa mwachibadwa. Kuyambira ubwana adali wa mtima wapachala, wolankhula mosapsatira, wofulumira kulamula. Pa za ndalama adali wolimba mtima mopitirira, wogula lero chimene alipire mawa, kotero kuti Sisteri Mary Rose, munthu wodekha ndi wowerengera, ndiye ankagwira chingwe kuti ngolo isagwere kuphompho. Chaulere cha Mulungu sichidachotse moto umenewo, chidangoupatsa chophika. Zaka zao zotsiriza adazitha akuda nkhawa ndi nyumba ya matabwa ija, poopa kuti moto ukabuka usiku odwala osayenda adzapsera momwemo, ndipo adayamba kupempha ndalama zomangira nyumba yosagwira moto. Madzulo a pa 8 July 1926 adakhala pa tebulo akulemba makalata opempha ndi othokoza monga mwa masiku onse, napita kukagona. M'mawa mwa pa 9 July adawapeza atamwalira m'tulo, ali ndi zaka 75. Nyumba yatsopanoyo adaitsiriza ndi Amai Mary Rose, amene adalowa m'malo mwao natsekula nyumba zinanso, monga ya ku Philadelphia chaka cha 1930 ndi ya ku Atlanta chaka cha 1939.

Za mwana wa ku Atlanta, ndi za ena a ntchito yomweyi

Nyumba zimenezi zidamangidwira akuluakulu, koma khansa sisankha msinkhu. Ku nyumba ya ku Atlanta kudafika kamtsikana ka zaka zitatu, kobadwa ndi chotupa chachikulu pankhope, diso limodzi atalichotsa kale. Madokotala adati katsala ndi miyezi yowerengeka, ndipo makolo ake, anthu osauka okhala ndi ana ena, sakadatha kukasamala. Kadakhala ndi Asisteri zaka 9. Kadaphunzira kuwerenga, kadaphunzira katekisimu, kankayenda m'zipinda kucheza ndi nkhalamba zodwala, ndipo ambiri amene adafika okwiya ndi Mulungu adafewa mtima chifukwa cha iko. Kadamwalira kali ndi zaka 12. Asisteri adalemba mbiri yake m'buku lotchedwa A Memoir of Mary Ann, limene lidatuluka chaka cha 1961, ndipo mau oyamba adalemba ndi Flannery O'Connor, mlembi Wachikatolika wa ku Georgia, amenenso adali kudwala matenda osachira. Iyeyu ndiye adakumbutsa anthu za kamwana kaja ka ku Liverpool, naonetsa kuti manja amene adalera mwana wa ku Atlanta adachokera ku manja amene adanyamula mwana wa zilonda zaka 100 zapitazo.

Amai Alphonsa sadali oyamba, ndipo sadali okha. Ku Lyon, m'dziko la France, mai wamasiye Jeanne Garnier, amene adaika mwamuna ndi ana ake awiri, adayamba ntchito yotereyi chaka cha 1842 pamodzi ndi amasiye anzake. Ku Dublin, Asisteri a chipani cha Mary Aikenhead adatsekula Our Lady's Hospice chaka cha 1879, ndipo chaka cha 1905 adatsekula St. Joseph's Hospice ku London. Mau akuti hospice kale ankatanthauza nyumba yopumuliramo a paulendo. Asisteriwo adawapatsa tanthauzo la nyumba ya anthu amene ali pa ulendo wotsiriza.

Chimene chidasowa m'masiku a Amai Alphonsa chidali nzeru yokwanira yogonjetsera ululu. Ena ankaopa ngakhale kuti kupatsa wodwala mankhwala amphamvu ndi tchimo. Papa Pius XII adathetsa kukayika kumeneku chaka cha 1957, pophunzitsa kuti nkololedwa kupatsa munthu amene ali pafupi kufa mankhwala oletsa ululu, ngakhale atakhala kuti angafupikitse moyo wake pang'ono, malinga cholinga chikhale kuletsa ululu osati kupha, ndipo wodwalayo asalandidwe mpata wokonza za mzimu wake ndi za banja lake. Chaka chotsatira dokotala wina wamkazi wa mpingo wa Anglican, Cicely Saunders, adayamba kugwira ntchito pakati pa Asisteri a pa St. Joseph's, ndipo adatsimikiza kuti morphine ndi mankhwala ena otere, akamaperekedwa pakamwa, pa muyeso woyenera ndi pa maola oikika, osadikira kuti wodwala ayambe wakuwa, amaletsa ululu munthu nkukhalabe maso ndi nzeru zake. Adaphunzitsanso kuti ululu wa munthu wakufa uli panai: m'thupi, m'maganizo, m'nkhawa ya za banja, ndi mu mzimu, ndipo wosamala ayenera kuyang'ana ponsepo. Chaka cha 1967 adatsekula St. Christopher's Hospice ku London, kumene anamwino ndi madokotala a maiko ambiri adakaphunzira. Kuchokera kumeneko ntchitoyi idafikanso m'makomo, kuti wofuna kufera kwao asamalidwe kwao, ndi kuti ofedwa ayenderedwe maliro atatha. Nyumba yoyamba ya ana okhaokha, Helen House, idatsekulidwa ku Oxford chaka cha 1982, ndipo imodzi mwa ntchito zake zazikulu idali kulandira mwana masiku owerengeka kuti makolo ake, amene sadagone tulo tabwino kwa zaka, apumuleko ndi kuyang'ana ana ao ena.

Mlandu wofufuza za kuyera kwa Amai Mary Alphonsa udatsekulidwa ku New York chaka cha 2003 ndi Kardinala Edward Egan. Pa 14 March 2024 Papa Francis adavomereza kuti adakhala moyo wa makhalidwe achikristu mopambana, ndipo kuyambira tsikulo amatchedwa Wolemekezeka. Kuti atchedwe Wodala pafunika chozizwitsa chimodzi chotsimikizidwa ndi Eklezia. Thupi lao lidaikidwa m'manda a Asisteri pa Rosary Hill, pafupi ndi nyumba imene ikulandirabe odwala khansa yosachira popanda kuwalipiritsa iwo kapena abale ao.